C ndi D si madisiki awiri: zimene eni makompyuta a ku Kabanana ayenera kudziwa malaiti asanapitenso

Malaiti akabwera ku Kabanana, oyamba kulengeza ndi ana. Mfuu imayambira kumtunda kwa msewu n'kutsika nyumba ndi nyumba, ndipo pasanathe mphindi ometa tsitsi ayatsa makina awo, owotcherera mageti ayamba kuthetheretsa moto, mafiriji a m'tuntemba ayamba kung'ung'udza. Mphindi yomweyo ndi yoopsa kwa kompyuta kuposa nthawi ina iliyonse pa tsiku. Magetsi obwerera pambuyo pa maola ambiri sabwera mofatsa nthawi zonse. Amatha kufika ndi mphamvu yopitirira muyeso, kuphethira kawiri katatu, kenako n'kukhazikika, ndipo kompyuta imene inasiyidwa pa soketi imalandira zonsezo.

Mlendo sangaganize kuti m'komboni iyi, yomwe ili kumpoto kwa Lusaka m'dera la Mandevu, moyandikana ndi Chazanga ndi komboni ya Chipata, muli makompyuta ochuluka. Koma alipo, ndipo amadyetsa mabanja. Ali m'timashopu totayipa makalata ndi kupanga fotokope, ali m'masitudiyo ojambula maukwati, ma kitchen party ndi chilanga mulilo, ali m'tizipinda tomatidwa matileyi a mazira m'makoma momwe anyamata amajambuliramo nyimbo. Ina ili kwa mlembi wa mpingo, ina kwa ahedi a sukulu ya community, ina kwa mnyamata wolowetsa nyimbo ndi mafilimu m'ma memory card. Chimene chimandichititsa kulemba nkhaniyi n'chakuti zambiri zimene zili m'makompyuta amenewa si za eni ake. Ndi vidiyo ya ukwati wa mwana wa munthu, ndi nyimbo imene woimba analipira kale ndalama zojambulira, ndi magiredi a ana a anthu, ndi kaundula wa zopereka za mpingo. Disiki ikafa, wolira ndi amene sanaigwirepo n'komwe.

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera mmene makinawa alili pamphepete. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Panthawiyo magetsi oposa 80 pa 100 alionse m'Zambia ankachokera ku madzi, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba atatsika kwambiri, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku mu March. Pofika September, m'madera ambiri munkakhala mdima mpaka maola 21, malaiti n'kubwera maola 3 okha, nthawi zina pakati pa usiku. Amene anali ndi ndalama anagula sola, inverter kapena jenereta. Otsalawo ankagona khutu lili tcheru, kudikira kuti babu liyake kuti adzuke n'kumaliza ntchito ya kasitomala.

Kambale kozungulira

M'kati mwa hard drive yachikale muli timbale topyapyala tokutidwa ndi maginito, tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, ndipo mpata wa pakati pa kamutuko ndi kambale ndi wochepa moti kafumbi kosaoneka ndi maso n'kakakulu kuuposa. Laputopu ikagwa ili chiyakire, kapena wina akamenya tebulo mwamphamvu, kamutuko kamatha kukanda kambale, ndipo pamene pakandikapo zolembedwa zatha. Nzeru yake si yatsopano. Kampani ya IBM inatulutsa hard drive yoyamba mu 1956, ya mbale 50 zotambalala mainchesi 24 iliyonse, ndipo zonsezo pamodzi zinkasunga pafupifupi 5 MB, zimene lero ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni.

Kuzima kwa malaiti kokha kawirikawiri sikuphwanya chitsulo, pakuti madisiki amakono amadziwa kubweza kamutu pamalo pake magetsi akatha. Chimene chimaonongeka ndi fayilo imene inali kulembedwa nthawiyo, kapena mlozo umene Windows imagwiritsa ntchito podziwa kuti chakuti chili pati. M'mawa mwake kompyuta imakana kudzuka, kapena foda yonse imaoneka yopanda kanthu. Mphamvu yopitirira muyeso ndiyo imawotcha zamagetsi za disikiyo. Ndipo laputopu zambiri za m'komboni ndi zakale zochokera kunja, zimene batire yake inafa kalekale. Laputopu yotero imazima limodzi ndi babu.

Makompyuta atsopano ali ndi SSD, yopanda chozungulira, yofulumira, yosaopa kugwedezeka. Nayonso imafa, ndipo imakonda kufa osatsanzika. Yachikale nthawi zambiri imayamba yadandaula, kuchedwa kutsegula mafayilo, kulira kuti tiki tiki. SSD imatha kugwira bwino usiku, m'mawa osaonekanso. Kampani ya ku America ya Backblaze, imene yakhala ikufalitsa ziwerengero za madisiki ake kuyambira 2013, imapeza kuti pa madisiki 100 alionse, pakati pa 1 ndi 2 amafa pa chaka. Amenewo ndi madisiki okhala m'nyumba zozizira, zopanda fumbi, zosazima magetsi. Ya ku Kabanana imapuma fumbi la August ndi kutentha kwa October pansi pa malata.

Katani pakati pa chipinda

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, ndipo powapusitsa palibe amene amafuna kuwachita chipongwe. Wokonza makompyuta akamaika Windows, amagawa disiki pawiri: mbali ina aitcha C, ya mapulogalamu, ina aitcha D, ya mafayilo. Amakulangizani kuti zofunika muziika ku D, kuti tsiku lina Windows ikadzavuta adzangofomata C, zanu n'kutsala. Malangizowo ndi abwino pa vuto limenelo lokha. Koma mwini kompyuta amapita kwawo akukhulupirira kuti ali ndi madisiki awiri, ndipo ena amachita khama ndithu, kukopera foda ya makasitomala kuchoka ku C kupita ku D sabata iliyonse, n'kumati apanga backup.

C ndi D zotere zili ngati chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani, kuno kogona, uko kochezera. Denga likagwa siligwera mbali imodzi ya katani. Timbale ndi tomweto, kamutu ndi komweko, mota ndi imodzi. Kuti mudziwe ngati zanu zili choncho, dinani batani lakumanja la mouse pa chizindikiro cha Start, sankhani Disk Management, muyang'ane m'munsi. Ngati C ndi D zili pamzere umodzi wolembedwa Disk 0, muli ndi disiki imodzi basi.

Pali kupusitsika kwina kofanana nako. Kompyuta ikadzaza, munthu amagula external, n'kusamutsira kumeneko mavidiyo onse a chaka chatha, kenako n'kufufuta m'kompyuta kuti mupezeke malo. Amamva kupepukidwa mumtima, akuti zinthu zasungika. Koma mavidiyowo akadali pamalo amodzi, ndipo tsopano ali m'kachipangizo koyenda m'chikwama, kokwera minibasi, kobwerekedwa ndi anzake, kolendewera pa waya m'mphepete mwa tebulo. Fayilo imatchedwa yosungika ikakhala pa zipangizo ziwiri zosiyana nthawi imodzi. Kusamutsa ndi kukopera ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale pa sikirini zimaoneka mofanana.

Njira zokopera zilipo ziwiri, ndipo kusankha kumatengera chimene mukuopa kutaya. Yoyamba ndi yokopera mafayilo okha: zithunzi, makalata, nyimbo, mabuku a ndalama. Mukhoza kuchita ndi manja, kapena kusiyira pulogalamu ya File History imene ili kale mu Windows kuyambira pa Windows 8 ya 2012. Mukaiyatsa n'kuiuza disiki yoti izikoperako, imasunga zosintha ola lililonse disikiyo ikakhala yolumikizidwa, ndipo imasunganso mmene fayilo inalili dzulo ndi dzana, choncho kalata imene mwaiononga lero mungaibweze mmene inalili. Chenjezo lake n'lakuti imayang'ana mafoda a masiku onse monga Documents, Pictures, Music, Videos ndi Desktop; zimene munaika ku D muyenera kuionetsa nokha. Eni makompyuta a Apple ali ndi yawo, Time Machine, kuyambira 2007.

Yachiwiri ndi yojambula disiki yonse, Windows ndi mapulogalamu ndi makonzedwe ake onse, kuti yakale ikafa mungochotsa n'kuikamo inayo ntchito n'kupitirira. Kwa wa situdiyo ya nyimbo, amene anatha masiku akuika mapulogalamu ndi timawu tosiyanasiyana ta zida zoimbira, njirayi ndiyo imapulumutsa sabata yathunthu ya ntchito. Pulogalamu yaulere ya Clonezilla, yopangidwa ku Taiwan, imachita zimenezi, koma si yoseweretsa. Imafunsa kuti yokopera ndi iti, yolandira ndi iti, ndipo mukasinthanitsa mayankho, disiki yopanda kanthu imajambulidwa pamwamba pa yodzaza. Yolandira iyeneranso kukhala yofanana kukula kapena yoposa. Amene sanachitepo apite kwa wokonza makompyuta, ndipo aime pompo mpaka aone kuti wasankha bwino. Kwa ambiri a m'komboni, ine ndikuona kuti njira yoyamba ndiyo yofunika kuyamba nayo. Windows imapezeka paliponse. Zithunzi za maliro a agogo sizijambulidwanso.

Palinso masamu a nthawi amene a kumayadi okhala ndi sola sawaganizira. Pa doko lakale la USB 2.0, disiki imakopera pafupifupi 30 MB pa sekondi, kutanthauza kuti mafayilo a 500 GB amatenga maola oposa 4 ndi theka. Pa doko la USB 3.0, limene nthawi zambiri limakhala la buluu m'kati, ntchito yomweyo imatha pa ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Tsiku la malaiti a maola 3, kusiyana kumeneko ndi kumaliza kapena kudukizidwa pakati. Choncho ulendo woyamba koperani foda ndi foda, kuyambira zimene simungazipezenso kwina, mafilimu a pa intaneti akhale omalizira ngati n'kofunika n'komwe. Maulendo otsatira amafulumira chifukwa mumangoonjezera zatsopano. Ojambula maukwati akumbukirenso kuti disiki kapena fulashi yofomatidwa mwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB. Vidiyo yaitali imafuna NTFS kapena exFAT.

Mukamaliza, zulani

Disiki yachiwiri imene imakhala yolumikizidwa usana ndi usiku imagawana tsoka ndi yoyamba. Mphenzi ya December ikalowera pa waya imapha zonse ziwiri. Vayirasi ya pa fulashi ya kasitomala, ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha, imene aliyense wotayipa makalata mu Lusaka anakumanapo nayo, imalowa paliponse pamene yapeza khomo. Yoopsa kwambiri ndi ransomware, imene imatseka mafayilo onse ndi loko wa masamu, eni ake n'kufuna dipo. Imafufuza madisiki onse olumikizidwa ku kompyuta n'kuwatseka limodzi. Mu May 2022 gulu lotchedwa Hive linalowa m'makina a Bank of Zambia; banki inakana kulipira ndipo inabwezeretsa makina ake. Ku Malawi, mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Wa kashopu ku Kabanana alibe gulu la akatswiri lomuthandiza. Chitetezo chake ndi chotchipa: kuuza Windows kuti itulutse disiki bwinobwino, kuzula waya, n'kuika disikiyo kutali.

Kutali kuti? M'dirowa ya tebulo lomwelo si kutali. Wakuba wothyola loko usiku amanyamula laputopu ndi chikwama chake, ndipo ma external ambiri amagona m'thumba la chikwama chomwecho. Moto umene unapsereza msika wa City Market mu Lusaka m'bandakucha wa pa 4 July 2017 sunasankhe kuti ichi n'choyamba, ichi n'chachiwiri. Amene anakhalapo ku Kanyama kapena ku Chawama m'nyengo ya mvula amadziwa kuti madzi amalowa m'nyumba usiku osagogoda. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, ndiye anatchukitsa lamulo limene akatswiri amalitcha 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. M'komboni lamuloli silifuna zambiri. Ngati kompyuta ili ku shopu, disiki yachiwiri izigona kunyumba. Ngati shopu ndi nyumba zili pa chitseko chimodzi, isungitseni kwa achemwali anu ku Matero kapena kwa m'bale wodalirika wa kumpingo, muzikaitenga Loweruka n'kuibweza Lamlungu. Amene angakwanitse madisiki awiri azisinthanitsa, ina ili kuno, ina ili uko.

Achinyamata adzati zonsezi n'zachikale, pali cloud. Ilipo, ndipo pa zinthu zing'onozing'ono ndi yabwino zedi: masatifiketi, ma CV, mabuku a ndalama, kaundula wa sukulu. Google imapereka 15 GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Koma ukwati umodzi wojambulidwa ndi kamera yabwino umatha kudzaza malo onsewo, ndipo kukweza 500 GB pa mabandulo a Airtel, MTN kapena Zamtel ndi ndalama zambiri. Cloud nayonso ndi madisiki a munthu wina m'nyumba ina. Pa 26 September 2025 moto wa mabatire unabuka pamalo osungira makompyuta a boma la South Korea mumzinda wa Daejeon, ndipo mafayilo a ogwira ntchito m'boma okwana 858 TB anapita, chifukwa analibe kope lina. Akuluakulu ake anati anali ochuluka kwambiri moti sakanatha kuwakopera. Dziko la Samsung limenelo. Ndiponso kutumizirana zithunzi pa WhatsApp si kusunga: pulogalamuyo imazifinya kuti zipepuke, ndipo chimene mudzapeze tsiku lofuna kusindikiza chithunzi chachikulu ndi chophwanyikaphwanyika.

Nkhani imene ndimaikonda pa zonsezi ndi ya Pixar, kampani yopanga makatuni ku California. Mu 1998, akupanga filimu ya Toy Story 2, wina analemba lamulo lofufuta pamalo olakwika, ndipo pafupifupi 90 pa 100 ya ntchitoyo inasowa akuyang'ana. Sanatekeseke, poti anali ndi backup. Atapita kukaitsegula anapeza kuti makina osungirawo anali atasiya kugwira bwino kwa nthawi ndithu popanda wozindikira. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pakampanipo, Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Anaikulunga m'mabulangeti n'kuinyamula pa galimoto mpaka ku ofesi, ndipo filimuyo inatuluka mu 1999. Akatswiri olipidwa bwino anaiwala chinthu chimene sichifuna sukulu: kutsegula zimene wakopera n'kuona ngati zikutseguka. Kamodzi pa mwezi, lumikizani disiki yachiwiri, ngati n'kotheka pa kompyuta ina, musankhe vidiyo imodzi, chithunzi chimodzi, kalata imodzi, muzitsegule mpaka kumapeto.

Pogula, samalani. Opanga ma hard drive atsala atatu pa dziko lonse, Seagate, Western Digital ndi Toshiba, koma dzina la pa kesi silinena zimene zili m'kati. M'tauni mumapezeka mafulashi ndi ma memory card olembedwa kukula kwabodza, amene amalandira mafayilo mwaulemu n'kumafufuta akale mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuulula kukula kwake kwenikweni. Musadabwe disiki ya 1 TB ikaoneka 931 GB mu Windows, kumeneko ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe. Ngati ndalama zachepa, disiki ya m'laputopu yakufa ingaikidwe m'kakesi ka USB n'kusanduka external. Musanaikhulupirire, iyeseni ndi CrystalDiskInfo, imene imawerenga zimene disiki imalemba za thanzi lake: maola amene yagwira ntchito, ndi malo amene ayamba kuola. Ikaonetsa mtundu wachikasu kapena wofiira, musaikemo chilichonse chofunika. Fulashi ndi yonyamulira zinthu popita kosindikiza, si yosungiramo zaka.

Kwa otayipa makalata pali udindo wina. M'makompyuta awo mwadzaza ma NRC a anthu, mapepala a malipiro, makalata a kuchipatala. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wosunga zinsinsi za anthu aziteteze, ndipo disiki yachiwiri yotayika m'minibasi ndi zinsinsi za komboni yonse m'manja mwa mlendo. Zimene ntchito yake inatha zifufutidwe, zisakoperedwe n'komwe. Zotsalazo zingatsekedwe ndi BitLocker, koma kiyi wake alembedwe pa pepala n'kusungidwa bwino, chifukwa akatayika ngakhale mwini wake salowanso.

Nanga ngati zachitika kale, disiki yayamba kulira tiki tiki ndipo yachiwiri palibe? Zimitsani nthawi yomweyo, pakuti kuzungulira kulikonse kumaonjezera kukandika. Windows ikafunsa ngati mukufuna kufomata, kanani, ndipo wokonza makompyuta akanena kuti angofomata kuti idzuke, muuzeni kuti chimene mwabwerera ndi mafayilo, kudzuka kudikire. Musaitsegule ndi sikuludiraiva, fumbi la m'chipinda limamaliza zimene zinatsala, ndipo musaiike m'firiji monga amalangizira ena, chinyezi chimaipha. Ngati disiki ili bwino koma mwangofufuta molakwitsa, siyani kulembamo chilichonse. Mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kutola zofufutidwa malinga ngati zatsopano sizinalembedwe pamwamba pake, ndipo zotoledwazo zipite pa disiki ina. Pa SSD mwayi umenewo ndi wochepa kwambiri, chifukwa imasesa yokha malo a mafayilo ofufutidwa pasanapite nthawi. Disiki yoonongeka m'kati imafuna akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo mtengo wa ntchito yawo umaposa wa madisiki atsopano angapo, popanda lonjezo loti zonse zibwerera.